Dzina la pa Mtanda wa Denga

Gamsil, 3 Malichi 1986

Achimwene Chun-bae,

Ndikhulupirira muli bwino kumchengako ndipo dzuwa la ku Libya silinakuwambeni. Kuno chisanu chayamba kutha. Amayi ali bwino m'thupi, zinazo ndikuuzani pansipa.

Malo apita. Ndanena mosazungulira chifukwa pepala la ndegeli ndi laling'ono. Chikole chija malemu bambo anadindira pa ngongole ya amalume chatibwerera, ndipo mwezi wathawu khoti lagulitsa nthaka yathu pa okushoni. Ine ndinapita kukaona ndi maso anga. M'chipindamo munadzaza amuna a majekete achikopa, akukuwa ngati akugula nkhumba, ndipo dzina la mudzi wathu analitchula molakwika kawiri. Wagula ndi Bambo Ma wina wa ku Daegu, wonunkhira mafuta a m'tsitsi.

Wagula nthaka yokha, osati nyumba, poti nyumbayi sinalembedwepo m'kaundula wa boma. Sabata yatha anabwera ndi anthu oyeza, n'kukhoma zikhomo zofiira kuzungulira bwalo, china pakati penipeni pa mitsuko ya amayi ya kimchi, ndiwo zathu zowawasa zija. Akuti, "Mayi, nyumba yanu yakhala pa nthaka yanga. Ichotseni." Ine ndinati, "Ndikubwerekeni nkhata musenze nokha?" Sanaseke.

Ndinakaonana ndi Bambo Gil, aja amalembera anthu mapepala pakhomo pa khoti. Akuti pali mwambo umene makhoti amautsata: ngati nyumba ndi nthaka zinakhalapo za munthu mmodzi, wogula nthaka sangagwetse nyumbayo. Chathu n'kungoonetsa kuti nyumbayi inali ya bambo, monga nthaka inali yawo. Koma akuti tisagone, chifukwa amva kuti ku Seoul akuluakulu a malamulo akukangana zoti mwambowu uthe. Nanga umboni tiupeza kuti? Pepala lililonse palibe. Ndafufuza m'mabokosi onse, ndapeza malisiti a feteleza basi.

Tsono za amayi. Chikhomereni zikhomo zija, sakhalanso m'chipinda mwawo masana. Amakhala pabalaza lapakati, nkhope m'mwamba. Siling'i ya mapepala ija yafufuma pakati, pansi penipeni pa mtanda wa denga, ngati pagona chinthu. Ndinati ndi makoswe. Amayi anati, "Makoswe salemera choncho," n'kupitiriza kusankha nyemba.

Ndili ndi mantha, achimwene. Amayi sangakhale kwina, inu mukudziwa. Ndiuzeni chochita.

Mlongo wanu,
Ok-bun


Kampu ya mapaipi, Libya, 24 Malichi 1986

Ok-bun mlongo wanga,

Kalata yako yafika dzulo. Ine ndili bwino, kungoti ndada bii, amayi akadzandiona adzandithamangitsa ndi tsache. Uwapatse moni wanga wogwada.

Koma iwe, umboni ukuufuna m'mabokosi pamene uli pamutu pako? Palibe nyumba yakale imene anakweza mtanda wa denga popanda kulembapo. Mbali ino amalemba chinjoka, mbali inayo fulu, kuti moto uziopa, ndipo pakati tsiku lokwezera ndi dzina la mwini nyumba. Ifeyo sitinauonepo chifukwa tinakula siling'i ilipo kale. Ng'amba mapepalawo, dzina la bambo lili pamenepo, Pyo Deok-chil, zilembo zazikulu ngati nkhope ya Ma wakoyo.

Tamvera bwino apa. Usang'ambe uli wekha, angadzanene kuti talemba tokha usiku umodzi. Uwauze Bambo Gil alembe pepala lopempha kuti woweruza abwere yekha kunyumba, ndipo ung'ambe iye akuona, Ma akuona, aliyense akuona. Pepalalo lipite sabata yomweyo ukalandira kalatayi. Ngati n'zoona kuti lamulo likusintha, sitingadikire kuti ndibwere, poti kontrakiti yanga ikutha chaka chamawa.

Za kufufuma kwa siling'i, ndi chinyontho chabe. Matailosi a padenga akalamba. Amayi akakana, usawamvere kwambiri. Akuopa mzimu wa nyumba uja amati umakhala pa mtanda, ndiye uwagulire kabotolo ka mowa wa mpunga akathire, mtima ukhale pansi. Anthu akale ndi choncho, amaopa pepala kuposa buludoza.

Ndatumiza kangachepe kudzera ku ofesi. Uwagulire amayi nsomba youma, ndipo iwe ugule nsapato, ndikudziwa ukuyendabe ndi zija zong'ambika.

Mchimwene wako,
Chun-bae


Gamsil, 15 Epulo 1986

Achimwene,

Moni kuchokera kuno. Ndalama yafika, nsomba ndagula, nsapato zanga zisiyeni.

Ndachita monga munanenera. Pepala linapita, ndipo woweruza abwera pa 2 Meyi. Bambo Gil analemba monyinyirika. Iwo amati tikanangodalira mboni, chifukwa ndinali nditapeza kale nkhalamba zitatu zam'mudzi muno zovomera kukalumbira. Ine ndinati achimwene anga alamula, lembani.

Koma mboni zimenezi zandisowetsa mtendere. Ndinapita kwa aliyense payekha, masiku osiyana. Woyamba anati, "Nyumba imeneyo anamanga Pyo Deok-chil ndi manja ake, chaka chimene nkhondo inatha." Wachiwiri, amene anali kukonza khasu, anati, "Nyumba imeneyo anamanga Pyo Deok-chil ndi manja ake, chaka chimene nkhondo inatha." Wachitatu ndi agogo osamva aja a kuseri kwa chigayo. Ndisanamalize n'komwe kufunsa, anayankha mawu omwewo, osachotsa, osaonjezera, maso ali pansi. Anthu amene sagwirizana ngakhale za tsiku la msika!

Za kung'amba siling'i amayi ndinawauza Lamlungu masana, titatha kudya. Mowa uja ndinagula, sanauyang'ane. Anandigwira pamkono, ndipo mpaka lero pali zipsera za zala. Sanakuwe. Anangofunsa kuti, "Ukang'amba pepala limenelo, akakufunsa kuti ndiwe yani, udzayankha chiyani?" Ndinati, "Ndani andifunse, amayi?" Anandisiya n'kupita kukatsuka mbale.

Chinyontho mukunenacho ine sindikuchiona. Mvula sinagwe masabata atatu, koma siling'i ikutsikirabe. Tsopano kufufumako kwatalika ngati mphasa yopinda. Dzana masana, dzuwa lili pamutu, ndimasita pabalaza ndipo ndinamva mapepala akulira pang'onopang'ono, kuyambira mbali ino kukafika mbali inayo, monga amachitira munthu akamatembenuka pogona. Galu wathu anasiya kukwera pakhonde. Amadyera kuchipata.

Musaseke. Inu muli kutali, ine ndi amene ndimapita pansi pake ndi thireyi ya chakudya. Ndikufuna tsikulo lifike, ting'ambe, ndione makoswe anga, mtima ukhale m'malo.

Ok-bun


Libya, 19 Epulo 1986

Ok-bun,

USANG'AMBE. Ngati pepala lopempha woweruza lapita, ukalibweze. Unene kuti amayi adwala, unene chilichonse.

Kuno kwabwera wophika watsopano, mkulu wa imvi wochokera kuseri kwa phiri lathu. Nditamuuza kwathu, anati, "Ku Gamsil? Nyumba yoyang'ana kumtsinje, ya matailosi? Ija ya aphunzitsi?" Ndinati ayi, ya bambo anga, iwo anali mlimi. Anandiyang'ana nthawi yaitali, chipande chili m'manja, kenaka anati mwina wasokoneza. Chiyambire tsiku limenelo amandithawa.

Sindikudziwa kuti zikutanthauza chiyani, koma sindikugona nazo. Ndinapempha foni ku ofesi, akuti ndi ya mabwana okha. Kalatayi ndapatsira munthu amene akupita kudoko mawa kuti ifulumire. Dalira mboni, siling'i uyisiye.

Chun-bae


Gamsil, 10 Meyi 1986

Achimwene,

Kalata yanu yoti ndisang'ambe yafika dzulo. Yachedwa ndi sabata yathunthu. Ndaiwerenga nditaimirira pansi pa chibowo.

Anabwera pa 2 Meyi cha m'ma leveni: woweruza, wachinyamata wa masokosi oyera, kalaliki wake, Bambo Gil, ndi Ma. Amayi anawalandira ndi madzi a balere, atavala zovala zawo za paukwati wanga. Sanatsutse kanthu. Anakhala pakona, manja pamaondo.

Ndinakwera pabokosi la zofunda ndi mpeni wa kukhitchini. Ndinkayembekeza kuti fumbi ndi zitosi za makoswe zindigwera kumaso, ndiye ndinatsinzina. Sipanagwe kanthu. Mapepala anali asanu ndi awiri kapena asanu ndi atatu, omatidwa chaka ndi chaka, ndipo pamwamba pake panalibe chilichonse choti n'kuwalemetsa. Panalibe khoswe, panalibe ngakhale kangaude. Mtandawo unali woyera, wosalala, ngati pali amene amaupukuta m'mawa uliwonse. Nditaugwira unali wofunda.

Zilembo zilipo monga munanenera, zakuda ngati zalembedwa dzulo. Chinjoka uku, fulu uko. Kalaliki anakwera n'kuwerenga mokweza kuti zilowe m'buku. Mtanda unakwezedwa mwezi wachitatu wa 1948. Mwini nyumba, Seol Yong-hak. Pambali pake, m'zilembo zing'onozing'ono, mkazi wake Ha Sun-im.

Achimwene, Ha Sun-im ndi amayi athu.

Dzina lija litatchulidwa, amayi anaimirira, anakweza manja kufika pachipumi, n'kugwada mpaka mutu pansi, moyang'ana mtanda. Anagwada kamodzi kokha, monga timagwadira amoyo, osati kawiri monga timachitira kwa akufa. Woweruza anayang'ana kumbali. Ma ndiye anaseka, n'kundisisita paphewa ati, "Zikomo, mayi, mwandigwirira ntchito." Ndikanamubaya ndi mpeni womwe uja.

Mwaona chimene tachita? Kaundula akuti bambo anagula nthaka mu 1955. Nyumba ndi ya munthu wina, womanga nthaka isanakhale yathu. Sizinakhalepo za munthu mmodzi, ndipo tatsimikiza zimenezo tokha, pamaso pa woweruza amene tinamuitana tokha. Mboni zija tsopano zikumandizemba pamsewu. Agogo osamva aja okha ndi amene anandiuza, titakumana pachitsime, kuti Seol anali mphunzitsi, ndipo anatengedwa ndi anthu a mfuti pa lole mu Julayi 1950, nkhondo itangoyamba, pamodzi ndi ena amene mayina awo anali pa mndandanda wa anthu amene boma linkawakayikira. Sanabwerenso. Mudzi wonse unagwirizana kuiwala dzinalo. Amayi ndawafunsa, akuti, "Nyemba zapsa, kaphule."

Chiyembekezo chimodzi chatsala. Bambo Gil akuti Ma sangasumire amayi kuti agwetse nyumba imene si yawo. Ayenera kusumira mwini wake, Seol Yong-hak, amene m'mabuku a boma sanamwalire. Khoti litumiza chisamani m'dzina lake ku nyumba ino. Chikabwerera ndi mawu oti kuno kulibe munthu wotere, Ma ayamba kuzungulira maofesi kufunafuna munthuyo ndi abale ake, ndipo zimenezo zingadye zaka ziwiri kapena zitatu. Pamenepo inu mudzakhala mutabwera. Chathu n'chimodzi: wa positi akadzaitana dzina limenelo, tidzanene kuti kulibe, sitimudziwa.

Ndakukwiyirani, achimwene, ndipo ndadzikwiyira ndekha. Lembani msanga.

Ok-bun


Libya, 2 Juni 1986

Ok-bun mlongo wanga,

Ndalandira. Ndalakwa ndine, usadziimbe mlandu. Ndinalamula ngati kapitao zinthu zimene sindimazidziwa.

Bambo Gil anena zoona. Usachoke pakhomo mpaka chisamanicho chibwere. Wa positi ukumane naye kuchipata iwe mwini. Koma amayi sindikuwadera nkhawa pa zimenezi. Munthu amene wasunga pakamwa zaka makumi atatu ndi zisanu ndi chimodzi sangalephere kunena mawu amodzi oti kulibe. Iwo akufuna nyumbayo kuposa tonsefe.

Chibowocho umate. Usawasiye azikhala pansi pake tsiku lonse.

Pali funso limene ndikufuna kuwafunsa, koma si la pakalata. Uwauze kuti sindinakwiye.

Chun-bae


Gamsil, 27 Juni 1986

Achimwene,

Moni. Sindikudziwa poyambira.

Milungu isanu ndinakhala pakhomo ngati nkhuku yofungatira. Kumsika osapita, adyo wathu anaolera m'munda theka. Chibowo ndinamata kawiri, ndipo kawiri konse ndinapeza pepala lili pansi, lopindidwa bwinobwino. Amayi sangafikire pamenepo ngakhale atakwera pabokosi.

Lachinayi lapitali linali tsiku lookera mpunga kwa anansi athu a Byeon. Iwo anatiokera ife, ndiye sindikanakana, mukudziwa mmene zimakhalira. Munda wawo uli kutsidya kwa mtsinje, nyumba yathu imaoneka bwinobwino. Ndinati ndizingoyang'ana. Dzuwa lili pamutu ndinaweramuka, ndipo njinga yofiira ya wa positi inali itatsamira kale pachipata chathu. Ndinathamanga ndi matope mpaka m'maondo, mbande zili m'manja. Ndinakumana naye akutuluka.

Wa positi wathu ndi munthu wa nthabwala, koma tsiku limenelo milomo inali itayera. Ndikulemba monga anandiuzira. Akuti anaima pabwalo n'kuitana kuti, "A Seol Yong-hak alipo?" Amayi anatuluka, tsitsi atapesa, n'kuyankha kuti, "Alipo." Iye anati kalatayi ndi ya khoti, pafunika chidindo cha mwini wake. Amayi anati, "Dikirani, akupuma," n'kutenga pepala lija, kulowa pabalaza ndi kutseka chitseko. Akuti anamva amayi akulankhula motsitsa, mwaulemu. Kenaka anamva munthu wamwamuna akukonza kukhosi, kawiri, monga amachitira munthu amene wakhala nthawi yaitali osalankhula.

Amayi anabweza pepala lili ndi chidindo chofiira, chonyowa. Wa positiyo anandionetsa. Dzina lake ndi lomwe lili pa mtanda.

Ndinalowa m'nyumba ngati wamisala. Munalibe munthu. Ndinagwira manja a amayi n'kuwatembenuza, zala zinali zoyera, zopanda kadontho kofiira. Ndafufuza m'mabokosi, m'mapilo, mumtsuko wa mpunga, m'zovala zimene avala. Chidindo sindinachipeze, ngakhale inki yake. Ndinawalalatira, achimwene, Mulungu andikhululukire. Ndinati, "Mawu amodzi okha, amayi! Mwagwetsa nyumba ndi pakamwa panu!" Iwo anangondiuza kuti ndikasambe matope.

Ndinakawauza Bambo Gil. Akuti pamaso pa khoti, Seol Yong-hak walandira chisamani ndi dzanja lake. Akapanda kuonekera pa 18 Julayi, woweruza agamula kuti wavomera zonse, nyumba igwetsedwe. Titati tinene kuti chidindo anadinda ndi amayi, iwo ndi amene alowe m'mavuto. Ndinawafunsa amayi, mwaukali, ngati mwini nyumbayo apita kukhoti. Anati, "Sapita. Maofesi a boma sawakonda."

Ndayamba kufunsa za chipinda cha lendi kutauni. Ine m'nyumba muno masana sindikhalamonso, ndimasokera pakhonde.

Ok-bun


Gamsil, 11 Ogasiti 1986

Chun-bae mwana wanga,

Ndine mayi ako. Ndalemba ndekha, ukhululuke zilembo zokhota. Ukudya bwino kumeneko? Uzivala chipewa.

Khoti lagamula. Agwetsa Lachinayi likudzali. Mlongo wako sakundilankhula, ndipo sindikumudandaula. Wapeza chipinda pafupi ndi siteshoni, akuti chili ndi mpope.

Akuti uli ndi funso. Ndiyankha usanafunse.

Nyumba ino anamanga a Seol Yong-hak. Mtanda anasankha okha kuphiri, ndipo inki ndinawasungunulira ine. Tinakhalamo zaka ziwiri ndi miyezi inayi. Tsiku limene lole inabwera anali akudya, anasiya supuni m'mbale n'kunena kuti abwera madzulo. Ine ndinali ndi mimba yako ya miyezi iwiri.

A Deok-chil anali munthu wabwino. Ananditenga, anakulembetsa m'dzina lawo, anamata siling'i ndi manja awo. Mwana wa munthu wotengedwa pa lole sakanalembedwa ntchito, sakanapatsidwa pasipoti. Ndege imene unakwerayo unakwera chifukwa cha mapepala aja.

Anthu a boma ankabwera chaka chilichonse kudzafunsa za a Seol. Ndinkati kulibe, sindiwadziwa. Ndinanena choncho uli kumsana, ndinanena uli kusukulu, ndinanena pamene ankafufuza za pasipoti yako. Nthawi zonse ndinkanenera pabalaza pomwepa, a Seol akumva.

Tsiku lija munthu anaima pabwalo langa masanasana n'kuitana dzina lawo lonse, mokweza, mwaulemu, ngati dzina la munthu. Ndinkadziwa zimene Ok-bun anandiuza. Ndinkadziwa kuti nyumba ipita. Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene kuti kulibe, ndipo sizinatheke. Ndawakana kokwanira, mwana wanga.

Usatumize kanthu. Ndapempha ogwetsawo kuti mtanda autsitse bwino, asaudule, ndipo avomera. Sindikudziwa ngati ukalowe m'chipinda cha kusiteshoni, koma tikaona komweko.

Masiku ano a Seol amalankhula pang'ono, makamaka masana kukatentha. Dzulo amafunsa za iwe. Amafuna kudziwa ngati unabadwa wamwamuna kapena wamkazi. Ndawauza.

Mayi ako,
Ha Sun-im